Kachivindikiro Kobiriwira

Ndimamata matayala pa Luwinga,
m'kashedi ka malata asanu,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsopano.
Kompuresa yanga imatsokomola ngati mwini wake
chifunga chikakuta msewu wa ku Karonga mu Juni,
koma ikatenthedwa imagwira ntchito.

Kutsidya kwa msewu atsegula malo atsopano,
magalasi okhaokha, anyamata a yunifolomu.
Akuti amapopa naitirojeni.
Ukalipira amaveka valavu yako
kachivindikiro kobiriwira
ngati mphete ya chinkhoswe.

Woyamba kundithawa anali Zgambo wa takisi,
munthu amene ndam'kongoza zigamba
kuyambira akupalasa kabaza.
Anaima osazimitsa injini:
"Mdala, mpweya wanuwu ndi wa aliyense.
Ujawu suthawa msanga, ulibe madzi,
ndi womwe amaika m'matayala a ndege."
Ndinati: nanga galimoto yakoyo iuluka liti?
Sanaseke. Anandisiyira utsi.

Usiku ndinafunsa Mbawemi, mwana wanga wa Fomu 3.
Anatsegula kope lopindika m'makona:
"Adada, mpweya tikupumawu mukaugawa pa zana,
magawo makumi asanu ndi awiri
kudza asanu ndi atatu
ndi naitirojeni kale."
Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira.
Ndiye kuti zaka zonsezi
ndakhala ndikugulitsa katundu wa mabwana
pa mtengo wa chimanga chootcha!

Sindinama, kachoonadi ali nako.
Wawowo ndi wouma.
Wanga umabwera ndi chinyezi cha Mzuzu,
n'chifukwa chake m'mawa uliwonse ndimatsegula kunsi kwa thanki,
madzi a dzimbiri n'kulavulira nsapato zanga.
Wawo umachedwerako kutuluka, ndavomera,
pang'ono pokha, ngati mlendo wodikira mvula ikate.
Koma msomali sufunsa za m'kati.
Dzenje la ku Chiputula silisankha mtundu wa chivindikiro.
Ndipo wolipira zambiri ndi amene amaiwala geji,
amayenda miyezi mtima uli m'malo
tayala likudyeka m'mbali mwakachetechete.

Lachinayi Zgambo anatulukira akugubuduza gudumu.
Ndinalimiza m'bafa la madzi akuda,
tonse awiri tinawerama.
Thovu linkakwera limodzilimodzi,
losasiyana ndi la tayala la wilibala.
Sindinanene kanthu.
Ndinazula sikuluwu ndi pulayala
n'kumuikira m'dzanja.
"Kusakaniza sikuononga?" anafunsa akuyang'ana pansi.
Ndinati ayi, ndi pachibale amenewa.

Ndikupopa, ndinakumbukira china chimene Mbawemi ananena:
kuti gawo limene iwo amachotsa,
limene amati n'losafunika,
ndi okosijeni.
Yemwe uja ankalira sii m'botolo lachitsulo
pambali pa bedi la amayi ake ku Sentulo,
Julaye wozizira uja,
ine maso ali pa singano ya geji
monga ndayang'anira masingano moyo wanga wonse,
koma imeneyo inkatsika
ndipo ndinalibe paipi yoikwezera.

Ndiye munthu asandiuze kuti mpweya wamba ndi wachabe.

Kachivindikiro kobiriwira ndinakabwezera pamalo pake.
N'kapulasitiki kabwino, kamatchinga fumbi.
Ndinati: ubwere Loweruka m'mamawa matayala asanatenthe,
ndidzapime onse anayi, ndi la sipeya lomwe.
Kupima n'kwaulere.
Kutsidyako ukafuna uzipita, ndalama ndi zako,
koma geji usaiyese mdani.

Anati ya chigamba abweretsa mawa.
Ndinatenga choko,
ndinalemba pa lata,
pansi pa zinazo.